Nyani akalowa m'nyumba, mafunso amapita kwa anthu

Mu 2020 akuluakulu a mzinda wa Cape Town anagwira nyani wamphongo wotchedwa Kataza, yemwe ankamuganizira kuti ndiye amatsogolera anzake kukasakaza chakudya m'makomo a anthu ku Kommetjie, n'kukamusiya ku Tokai, kuseri kwa phiri. Anthu ena anapsa mtima n'kuyambitsa kampeni yoti abwerere, ena ankati apite ndithu. Nkhani inafika kukhoti, nyani uja anabwezedwa kwawo mu November, ndipo mu January 2021 anamutengera kumalo osungirako nyama ku Limpopo. Pa nthawiyi anyani a ku Cape Town anali atafufuzidwa kale kwa zaka zambiri: kumene amagona, zimene amadya, mtunda umene amayenda patsiku. Chimene chinavuta sichinali kuwadziwa anyaniwo. Chinavuta n'chakuti anthu okhala mumsewu umodzi ankafuna zinthu zotsutsana, ndipo udindo unali wogawanika pakati pa khonsolo ya mzinda, bungwe loyang'anira mapaki a dziko la South Africa la SANParks ndi bungwe loteteza zachilengedwe m'chigawocho la CapeNature.

Apa ndi pamene pali ntchito ya wofufuza wa sayansi ya chikhalidwe cha anthu. Iye saveka nyama makolala a GPS ndipo sawerenga ndowe. Amafufuza amene amadyetsa nyama ndi chifukwa chake, amene satseka bini, amene amaimba foni kukadandaula ndi amene amangokhala chete, komanso njira zimene anthu angavomere kuti boma lichite.

Chifukwa chake mzinda si mudzi

Kafukufuku wambiri wa kusamvana kwa anthu ndi nyama zakutchire anayambira kumadera a ulimi, kumene chotayika chimawerengeka: mbewu zodyedwa, ziweto zogwidwa. Mumzinda kawirikawiri chuma chotayika n'chochepa, koma phokoso lake n'lalikulu. Munthu amataya galu amene amamuona ngati mwana wake, amapeza zinyalala zitamwazika pakhomo, amaopa kutumiza ana kusukulu m'mawa. Ndiponso oyandikana nyumba amasiyana maganizo kwambiri kuposa kumudzi: wina amaponyera nguluwe buledi, mnzake wa khomo lachiwiri akufuna mfuti. Pali atolankhani pafupi, pali maloya, pali makhansala ofuna mavoti.

Mu 2018 bungwe la United Nations linati anthu 55 pa 100 alionse padziko amakhala m'mizinda, ndipo pofika 2050 adzakhala 68. Mizinda yambiri ikudzala mitengo ndi kusunga madambo, ndipo walira mvula walira matope: kumene kuli nkhalango, madzi ndi zotsala za chakudya, nyama zimabwera. Ku Berlin, Barcelona, Rome ndi Hong Kong kuli nguluwe. Ku Chicago ndi Vancouver kuli ma coyote, mtundu wa nkhandwe wa ku America. Ku Delhi kuli apusi. Ku Mumbai kuli anyalugwe. Bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linakhazikitsa gulu loona za mikangano imeneyi mu 2016 motsogozedwa ndi Alexandra Zimmermann, ndipo mu 2023 gululi linatulutsa malangizo ake. Mgwirizano wa maiko woteteza zachilengedwe wa Kunming-Montreal wa mu December 2022 unaikanso nkhaniyi mu cholinga chake chachinayi. Zimenezi n'zofunika kwa wofuna ntchito chifukwa ndalama za kafukufuku zimatsata zimene maboma asayinira.

Maganizo amene muyenera kuwadziwa musanapite kukafunsa munthu

Ganizo loyamba ndi limene Steve Redpath ndi anzake analimbikitsa mu 2013: tisiyanitse kuwononga kumene nyama yachita ndi mkangano. Nyama imawononga, koma mkangano umakhala pakati pa anthu, pa funso lakuti tichite nayo chiyani.

Lachiwiri ndi la Francine Madden ndi Brian McQuinn, la mu 2014, lakuti mkangano uli ndi nsanjika zitatu. Pamwamba pali dandaulo looneka: apusi athyola zenera. Pansi pake pali mbiri ya madandaulo osayankhidwa: tinaimba kasanu, palibe anabwera. Pansi penipeni pali nkhani ya ulemu ndi kudziwika: iwo amatiyesa anthu osafunika, nyama amaziika patsogolo pathu. Wofufuza wongoyamba kumene amathera pa nsanjika yoyamba, n'kulemba kuti vuto litha pogawa mawaya a m'mazenera. Mawaya amagawidwa, anthu n'kukhalabe okwiya, chifukwa chimene ankadandaula sichinali zenera.

Lachitatu linachokera ku America, kumene phunziro la ubale wa anthu ndi nyama zakutchire linakulira, makamaka ku yunivesite ya Cornell pansi pa Daniel Decker ndi ku Colorado State pansi pa Michael Manfredo. Decker ndi Ken Purdy mu 1988 anafotokoza kuti anthu a dera lililonse ali ndi malire a kuchuluka kwa nyama zimene angapirire, ndipo malirewo sagwirizana kwenikweni ndi chiwerengero cha nyama zimene malowo angadyetse. Manfredo ndi anzake anasonyeza kuti anthu ena amaona nyama ngati zinthu zoti munthu azilamulira ndi kugwiritsa ntchito, pamene ena amaziona ngati anzathu oyenera chisamaliro, ndipo gulu lachiwirili limachuluka kumene anthu ambiri amakhala m'mizinda. Koma samalani: mafunso oyezera zimenezi anapangidwira anthu a ku America. Ku Harar, ku Ethiopia, kumene Marcus Baynes-Rock anafufuza ubale wa anthu ndi afisi olowa mumzinda usiku, kapena pakati pa anthu a mtundu wa Warli a ku Mumbai amene amalemekeza Waghoba, mulungu wooneka ngati nyalugwe kapena kambuku, magulu awiri ajawa sakwanira. Kukopera mafunso a dziko lina osawayesa ndi njira yachidule yopezera manambala okongola opanda tanthauzo.

Msampha wa kaundula wa madandaulo

Pafupifupi aliyense amayambira pa kaundula wa khonsolo kapena wa ofesi ya zanyama, chifukwa ndi waulere ndipo ali ndi masiku ndi maadiresi. Ndi wothandiza, koma amakuuzani kumene kuli anthu odandaula, osati kumene kuli nyama. Amene amaimba ndi amene amadziwa nambala, ali ndi nthawi, ndipo amakhulupirira kuti boma liwamvera. Okhala m'nyumba zosavomerezeka m'mphepete mwa nkhalango, amene mwina ndiwo amakumana ndi nyama tsiku lililonse popita kotunga madzi kapena kuchimbudzi, saimba chifukwa akuopa kuti obwerawo adzaona nyumba zawo m'malo moona nyama. Christopher Schell ndi anzake analemba mu 2020 kuti kusiyana kwa chuma ndi tsankho zimaumba ngakhale chilengedwe cha mzinda: kumene kuli mitengo, kumene kumatengedwa zinyalala, kumene kuli makoswe. Mapu a madandaulo muziwaika pamwamba pa mapu a makamera otchera nyama ndi mapu a kalembera wa anthu. Pamene mapuwa akutsutsana ndi pamene pali funso lanu.

Kaundula amasakanizanso zinthu zosiyana. "Ndaona nkhandwe ikudutsa" ndi "nkhandwe yaluma mwana" zimalembedwa pamzere umodzi. Ntchito yanu yoyamba, yotopetsa, ndi kugawa malipoti onse m'magulu: kungoona, kuyandikira, kuwononga katundu, kugwira chiweto, kuvulaza munthu. Ofufuza ma coyote ku Chicago, amene Stanley Gehrt wakhala akuwatsogolera kuyambira mu 2000, anapeza kuti nyama zambiri zimapewa anthu ndipo zovuta zimachokera kwa zochepa, makamaka zozolowera kupatsidwa chakudya.

Mmene kafukufuku amayendera

Musanafunse munthu aliyense mumafunika chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa ofunsidwa. Chimatenga milungu kapena miyezi, choncho chiwerengereni m'ndondomeko. Komitiyo idzafuna kuona kalata yopempha chilolezo cha wofunsidwa, mmene mudzabisire maina, ndi zimene mudzachite wina akakuululirani kuti anathira poizoni.

Kenako mumalemba onse okhudzidwa. Osati eni nyumba okha: a lendi, alonda a usiku, otola zinyalala, ogulitsa zakudya mumsewu, oyendetsa alendo, madokotala a ziweto, mabungwe oteteza nyama, atsogoleri a zipembedzo. Ku Delhi anthu ambiri amadyetsa apusi chifukwa cha chikhulupiriro chawo mwa Hanuman, mulungu wa Chihindu wooneka ngati pusi, ndipo kafukufuku wosafika pakachisi waphonya gwero la chakudya cha apusiwo.

Yambani ndi kucheza kozama, osati fomu. Anthu 20 mpaka 30 osankhidwa mwadala kuti akhale osiyanasiyana, aliyense mphindi 45 kapena ola limodzi, mpaka muone kuti simukumvanso zatsopano. Ola limodzi la mawu ojambulidwa limatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kulilemba pamanja, ndipo ambiri amaiwala kuika zimenezi m'bajeti. Funsani za chochitika chenicheni: "Ndiuzeni za tsiku lomaliza limene munaona nyama imeneyi." Funso lakuti "Mumaziona bwanji nyama zakutchire?" limabweretsa yankho limene munthu akuganiza kuti mukufuna kumva. M'macheza amenewa ndi mmene mumatola mawu amene anthu amagwiritsa ntchito, ndipo mawuwo ndi amene amalowa mu fomu.

Fomu ya mafunso isapitirire mphindi 20. Iyeseni kaye pa anthu 15 kapena 20, muwapemphe anene mokweza zimene akumva pa funso lililonse. Ngati yamasuliridwa, munthu wina amene sanaone yoyamba aibwezere m'chinenero choyambacho kuti muone pamene tanthauzo lapotoka. Mawu ngati "kupirira", "kuvomereza" ndi "kukonda" amasokonezeka msanga. Zolakwika zofala ndi funso lofunsa zinthu ziwiri pakamodzi, funso lotsogolera yankho, ndi funso lofuna kuti munthu akumbukire chaka chonse. Munthu amakumbukira bwino mwezi wathawu. Za chaka chonse amakuuzani chochitika choopsa kwambiri, ngakhale chinachitika zaka zitatu zapitazo.

Pa chiwerengero: kuti zotsatira zisaphonye ndi kuposa 5 pa 100, motsimikizika 95 pa 100, mumafunika anthu pafupifupi 384 osankhidwa mwamaere. Ngati mukusankha misewu kaye kenako nyumba za m'misewuyo, oyandikana amayankha mofanana, choncho chiwerengerocho chichulukitseni ndi 1.5 kapena 2. Ngati mukufuna kuyerekeza madera atatu, dera lililonse likufunika chiwerengero chake. Ndipo kumbukirani kuti mumzinda ambiri sapezeka masana. Mukamayenda kuyambira 9 koloko mpaka 4 koloko, kafukufuku wanu ndi wa okalamba ndi antchito a m'nyumba. Pitani madzulo ndi kumapeto kwa sabata, bwererani katatu panyumba imene simunapeze munthu, ndipo lembani chiwerengero cha okana. Mafomu a pa intaneti ndi otsika mtengo, koma amakoka okonda nyama kwambiri ndi odana nazo kwambiri. Apakati, omwe ndi ambiri, sayankha. Mabungwe a mbali imodzi amathanso kugawana linki n'kudzaza mayankho usiku umodzi.

Mayankho amatoledwa pafoni kapena tabuleti pogwiritsa ntchito pulogalamu ya KoboToolbox kapena ODK, amasanthulidwa mu pulogalamu ya masamu ya R kapena SPSS, macheza mu NVivo kapena pulogalamu yofanana nayo, mapu mu QGIS. Posanthula musakhutire ndi avareji. Pa sikelo ya 1 mpaka 5, avareji ya 3 ingatanthauze kuti onse alibe nazo ntchito, kapena kuti theka layankha 1 ndipo theka lina 5. Kwa khonsolo zinthu ziwirizi n'zosiyana ngati usana ndi usiku. N'chifukwa chake Manfredo, Jerry Vaske ndi Tara Teel anapanga mu 2003 muyezo wotchedwa Potential for Conflict Index, wosonyeza kugawanika kwa mayankho. Funsaninso njira iliyonse moilumikiza ndi chochitika: kupha nyama imene yangooneka, imene yagwira galu, imene yaluma munthu. Kuvomereza kumasintha kwambiri pa sitepe iliyonse.

Kufunsa zimene munthu sanganene

Kudyetsa nyama n'koletsedwa m'mizinda yambiri, monga ku Singapore, ndipo kutchera misampha kapena kuthira poizoni ndi mlandu. Mukafunsa mwachindunji, aliyense ndi woyera. Pali njira imene Stanley Warner anayambitsa mu 1965 ndipo ikugwiritsidwabe ntchito m'maonekedwe osiyanasiyana. Wofunsidwa amaponya dayisi m'kapu imene inu simukuona. Ikagwa 1 amayankha "inde" zivute zitani, ikagwa 6 amayankha "ayi", ikagwa 2 mpaka 5 amanena zoona. Palibe angadziwe chifukwa chimene munthu wina wanenera "inde", koma pagulu lonse masamu amatuluka: pa gawo la oyankha "inde" chotsanipo 1/6, zotsalazo mugawe ndi 4/6. Mwachitsanzo, 30 pa 100 akati "inde", odyetsa enieni ndi pafupifupi 20 pa 100. Kuipa kwake n'kwakuti imafuna anthu ambiri kuposa funso wamba, ndipo ena, dayisi ikawalamula kuti "inde", amakanabe chifukwa sakukhulupirirani. Muyambe ndi funso losavuta loyeserera mpaka munthuyo aone yekha kuti ndi wotetezeka.

Zimene anthu amanena ndi zimene amachita

Apa ndi pamene kafukufuku wambiri amagwera. Lipoti limatha ndi mawu akuti anthu aphunzitsidwe, ngati kuti osatseka bini sadziwa kuti chimbalangondo chimadya zinyalala. Amadziwa. Chivundikiro n'cholemera, galimoto ya zinyalala imabwera m'mamawa kwambiri ndiye amatulutsa usiku, kapena bini ndi la nyumba khumi ndipo palibe mwini wake. Ku Durango, m'chigawo cha Colorado, ofufuza a boma anagawa mabini osatsegulika ndi zimbalangondo m'madera ena n'kusiya ena kuti ayerekeze. Mavuto anatsika kumene kunali mabiniwo, koma ofufuzawo ankayendanso m'misewu kuona ngati anthu akukhomadi zotsekera, chifukwa bini lolimba losakhoma ndi bini wamba. Phunzirani pamenepo: pambali pa fomu, muziyeza khalidwe ndi maso. Yendani msewu womwewo, ola lomwelo, tsiku lotenga zinyalala, muwerenge mabini otsekedwa.

Ku Sydney, Barbara Klump ndi anzake anaona zinkhwe zoyera zikuphunzitsana kutsegula mabini, ndipo mu 2022 anasonyeza kuti anthunso amatengera kwa oyandikana nawo njira zotetezera, monga kusanjika njerwa pachivundikiro. Munthu amatsanzira khomo loyandikana nalo kuposa chikwangwani cha khonsolo.

Chitsanzo cha Mumbai chikuonetsa phindu la kugwira ntchito limodzi ndi akatswiri a zamoyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anyalugwe anavulaza ndi kupha anthu ambiri kuzungulira paki ya Sanjay Gandhi (SGNP). Vidya Athreya, pofufuza ku Junnar m'chigawo chomwecho cha Maharashtra, anapeza kuti anthu ovulazidwa anachuluka pambuyo poti anyalugwe ayamba kugwidwa n'kukatayidwa kwina. Koma n'chifukwa chiyani ankagwidwa? Chifukwa munthu akangoona nyalugwe, anthu, andale ndi nyuzipepala ankakakamiza a zankhalango kutchera khola. Ntchito ya Mumbaikars for SGNP inalunjika pamenepo: kukambirana ndi okhala m'mphepete mwa paki, apolisi ndi atolankhani, ndi kuchepetsa zinyalala zimene zimakoka agalu osokera, omwe ndi chakudya chachikulu cha anyalugwewo.

Dziwaninso kuti chochitika chimodzi chimatha kugubuduza mfundo za zaka zambiri. Ku Hong Kong boma linkagwira nguluwe n'kuziletsa kubereka, koma mu November 2021, wapolisi atalumidwa, linayamba kupha zolowa m'tauni. Amene anali atafunsa anthu izi zisanachitike ali ndi poyerekezera. Amene wayamba pambuyo pake akuyeza mkwiyo wa sabata imeneyo.

Njira yolowera ndi kumene kuli ntchito

Makomo ndi awiri. Ena amayamba ndi sociology, anthropology, psychology kapena jogalafe, kenako n'kuphunzira za nyama. Ena amayamba ndi sayansi ya zamoyo n'kuzindikira kuti mafunso awo onse akuthera pa anthu. Oyambawo amalakwa posadziwa nyengo imene nyama imabereka kapena chimene chimachitika gulu likataya mtsogoleri. Achiwiriwo amalakwa poganiza kuti fomu ingalembedwe madzulo amodzi. Amene mukuchokera ku zamoyo, tengani maphunziro enieni a njira zofufuzira anthu, osati kungowerenga mafomu a ena.

Digiri yoyamba imakupezetsani ntchito yotola mayankho kapena yolumikizana ndi anthu a m'dera. Kuti mukonze kafukufuku nokha mumafunika masitala, ndipo kuti mutsogolere gulu kuyunivesite mumafunika PhD. Malo odziwika ndi monga Cornell, Colorado State, DICE ku yunivesite ya Kent, WildCRU ku Oxford, ndi iCWild ku yunivesite ya Cape Town. Magazini ya Human Dimensions of Wildlife, imene inayamba mu 1996, ndi poyambira pabwino kuona mmene mafunso amalembedwera. Olemba ntchito ndi mayunivesite, nthambi za boma zoona nyama, makhonsolo, mabungwe omwe si a boma, makampani a alangizi, ndi malo osungira nyama amene ali ndi nthambi zofufuza, monga Urban Wildlife Institute ya ku Lincoln Park Zoo ku Chicago. Ongoyamba kumene amapeza thandizo laling'ono ku Rufford Foundation, Conservation Leadership Programme kapena National Geographic Society.

Tinene mosabisa: ntchito zokhazikika n'zochepa. Zambiri ndi makontirakiti a chaka chimodzi mpaka zitatu, ndipo dzina la ntchito silitchula mikangano ya anthu ndi nyama. Limati woona za ubale ndi anthu, woyeza zotsatira za pulojekiti, kapena mlangizi wa mfundo. Chimene chimakupulumutsani n'chakuti luso lake limayenda: wodziwa kusankha anthu mwamaere, kusanthula mu R, kujambula mapu ndi kuyendetsa msonkhano wa anthu okwiya angagwirenso ntchito za umoyo, za zinyalala kapena za mapulani a mzinda. Pofunsira ntchito, kafukufuku mmodzi wamng'ono amene munamuyendetsa kuyambira pa chilolezo mpaka pa lipoti amalemera kuposa mndandanda wa misonkhano imene munapitako.

Chovuta china sichiphunzitsidwa m'kalasi. Mbali iliyonse idzafuna mukhale wake. Bungwe limene lakulipirani likuyembekezera kuti zotsatira zivomereze zimene linaganiza kale. Oteteza nyama adzakutchani wakupha mukalemba kuti ambiri akuvomereza kupha nyama yoluma ana. Ovutika adzakutchani wa nyama mukalemba kuti kusamutsa sikuthandiza. Choncho musanasayine kontirakiti, mulembemo mwini wa mayankho, amene angaone maina, ndi ufulu wanu wofalitsa zotsatira ngakhale zisakomere wolipira. Musavale yunifolomu ya ofesi ya zanyama kapena kukwera galimoto yake popita kukafunsa, chifukwa yankho limasintha munthu akangoona chizindikiro. Musasindikize mapu osonyeza nyumba ya wodyetsa nyama kapena phanga limene nyama ikulerera ana; ikani malo m'mabwalo akuluakulu, monga a mamita 500, kuti khomo lisadziwike. Ndipo zotsatira zikatuluka, kazifotokozeni kaye kwa gulu lililonse palokha, m'chipinda chake, musanawasonkhanitse onse pamodzi. Munthu amene wamva nambala yomutsutsa koyamba pamaso pa mdani wake amalimbana ndi nambalayo. Amene anaimva dzulo, n'kufunsa mafunso ake onse, amabwera kumsonkhano atakonzeka kukambirana za tsiku lotenga zinyalala ndi mtundu wa chotsekera bini.